Chakudza Sichiyimba Ng'oma

Akuluakulu akamati chakudza sichiyimba ng'oma amakhala akunena za zinthu zolemera: maliro, njala, mlandu wogwa pakhomo anthu ali m'tulo. Ndi mawu ochenjeza kuti munthu azikhaliratu wokonzeka, poti tsoka silituma mthenga. Sindinamvepo wina akutchula mwambi umenewu ali ndi bango m'manja. Komabe chaka chilichonse nyengo ya mango ikafika ndimaona kuti palibe chinthu chimene mawuwa amachifotokoza ndendende kuposa chipatso chimenechi, pamodzi ndi anzake a kumalo otentha, peyala, papaya ndi nthochi.

Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka mu Januwale, msewu wa m'mphepete mwa nyanja, kuchokera ku Salima kudutsa ku Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay, umakhala mango okhaokha. Mabeseni, ndowa, milu ya pansi. Maboloma, akalisere, ndi aja omezanitsa, Tommy Atkins, Kent ndi Keitt, amene alimi ambiri ayamba kudzala masiku ano. Wapaulendo amaimitsa galimoto n'kusankha mofatsa. Amatembenuza bango lililonse, kulinunkhiza, kulidina pang'ono ndi chala chachikulu. Khungu lili see, lopanda banga ndi limodzi lomwe. Akafika ku Lilongwe amakhuthulira m'dengu kudikira kuti apse. Patapita masiku ochepa, nyumba yonse itayamba kununkhira mango, pakhungu paja pamatuluka timadontho takuda. Kukacha timadonthoto takula, tagundana, pakati pake palowa m'kati. Kukachanso theka la bango lasanduka chilonda chakuda, chonyowa, nthawi zina chokhala ndi timatuza tofiirira pamwamba. Mawu oyamba kutuluka pakamwa amakhala akuti, "Amayi aja anandipusitsa."

Amayi aja sanapusitse munthu. Maso awo anaona zomwezo zimene wogula anaona. Nthendayo inalowa kalekale, bango likadali mumtengo, mwina lisanafike n'komwe pa msinkhu woti mwana n'kulisirira.

Akatswiri a zaulimi nthenda imeneyi amaitcha anthracnose, ndipo imabwera ndi mtundu wa chuku wotchedwa Colletotrichum gloeosporioides. Chukuchi sichichokera kutali. Chimagona mumtengo momwemo chaka chonse, pa tinthambi touma, pa masamba a mawanga, pa timango tija tinafota tisanakule n'kutsalira m'mwamba tili bii. Mvula ikagwa, kapena mame akachuluka, timbewu take tosaoneka ndi maso timalowa m'madontho a madzi, ndipo madziwo akamatsika kuchokera ku nthambi zam'mwamba amatitula pa chipatso. Kambewu kakatera pakhungu lonyowa kamamera m'maola ochepa chabe, n'kupanga kamutu kolimba komatirira pakhungupo, n'kuboola pang'ono pokha. Kenako kamaima. Sikafa ndipo sikakula. Kamatha kukhala choncho milungu yambiri, ngakhale miyezi, dzuwa likuwomba, bango likunenepa, mwini mtengo akuyang'ana m'mwamba n'kumati chaka chino zabereka.

Chimene chimakaimitsa ndi bango lenilenilo. Chipatso chachiwisi chili ndi chitetezo chake: m'khungu ndi mu utomoni muli mankhwala achibadwa amene chuku sichiwapirira, a mtundu womwe uja umene umatupitsa milomo ya ana odya mango anthete. Mnofu wake ndi wolimba, wowawasa, wopanda shuga wokwanira kudyetsa mlendo. Koma bango likayamba kupsa mankhwala aja amachepa, kuwawasa kumatha, shuga amachuluka, mnofu umafewa. Zonse zimene ife timadikira kuti tidye ndi zomwezonso kambewu kaja kamadikira. Kupsa ndi kuola zimalowera khomo limodzi, tsiku limodzi, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti nkhaniyi ndi yozama kuposa ya chipatso chabe. Palibe njira yopsetsera bango popanda kudzutsa chimene chagona m'khungu mwake. Chotheka ndi kuletsa kuti chisagonemo poyamba pomwe, kapena kuchipha chikadali m'tulo.

Ichi n'chifukwa chake mango oyambirira, a mu Okutobala ndi Novembala, ochokera kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, kawirikawiri amakhala oyera khungu, pomwe a mu Januwale amadza ndi mawanga. Oyamba aja anakulira m'chilimwe, mwina anangonyowa kamodzi ndi chizimalupsa. Omalizawa akhala milungu ingapo akusamba mvula tsiku ndi tsiku. M'madera a chinyezi monga Thyolo ndi Mulanje, kumene chiperoni chimanyowetsa mitengo ngakhale pakati pa chaka, vutoli limayamba msanga, pa maluwa penipeni. Mlimi yemweyo amene amagwada kupempha mvula ya chimanga chake ndiye amaonanso mango ake akuda, ndipo sadandaula kwambiri, poti walira mvula walira matope. Ine sinditsutsa mwambiwo. Ndingoti matope ena amapeweka.

Peyala ndiye limabisa koposa. Silifewa likadali mumtengo. Limayamba kupsa pokhapokha likathyoledwa, choncho wogula aliyense amaligula lili gwa, ngati mwakhungu, n'kukazindikira kunyumba pambuyo pa sabata kuti pansi pa khungu pali mabala abulawuni. Papaya limachita mabowo ozungulira, onyowa. Nthochi ili ndi chuku chakechake cha m'banja lomwelo, Colletotrichum musae, ndiponso imaolera pamene phava ladulidwa kuchoka kumkoko, makamaka ngati mpeni unali wakuda.

Pali mlendo wachiwiri amene amalowera kwina. Bango limatha kukhala losalala thupi lonse koma n'kuyamba kufewa ndi kuda pamalo pamene panali kamchira kolilumikiza kunthambi, kuolako n'kumatsika m'kati mofulumira mpaka mnofu wonse kusanduka madzi onunkha. Chuku choyambitsa zimenezi chimatha kukhala m'kati mwa nthambi yooneka yathanzi, n'kumayenda pang'onopang'ono kulowera ku kamchira. Chinanso chimachokera m'dothi, bango likaikidwa pansi pachilonda pake pakadali pawisi. Apa ndiye kathyoledwe kathu kamandipweteka mtima.

Tonse tinakula tikudziwa njira zitatu zopezera bango: kugenda, kugwedeza nthambi, ndi kukola ndi ngowe. Zonse zitatu zimathera pamodzi, bango kugwa thi pansi kuchokera patali. Mwana akatola n'kudya pomwepo palibe chotayika. Koma mango a malonda ambiri amatsitsidwa chimodzimodzi: mnyamata amakwera m'mwamba, amagwedeza, enawo pansi amatolera m'matumba, okhwima ndi anthete pamodzi. Bango laliwisi likagwa silionetsa bala. Khungu limaoneka bwinobwino, koma m'kati mnofu wasweka, ndipo bala limenelo limadzaonekera pakupsa, kutali, m'manja mwa munthu wina. Kamchira kakathothoka, utomoni umatumphuka n'kuyenderera pakhungu, ndipo pomwe wadutsa pamapserera, n'kusiya mzere umene chuku chimalowerapo mosavuta. Kenako bangolo limagona m'fumbi, chilonda chake chili pansi.

Njira yabwino si yodula. Ndi nsungwi ya ngowe yomwe ija, koma kunsonga kwake kuli kampeni ndi kathumba kolandirira, kuti bango litsike m'malo mogwa. Limadulidwa ndi kamchira kotalikirapo, chifukwa utomoni sutumphuka ukadula patali ndi chipatso. Pansi pamthunzi kamchirako kamafupikitsidwa, bango n'kuikidwa chozondoka pathandala kuti utomoni udonthere pansi osakhudza khungu. Ntchitoyi imafuna kuchitika mame atauma koma dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo osati mvula itangokata. Munthu wothyola chotere amadzaza madengu ochepa pa tsiku poyerekeza ndi wogwedeza. Ndikudziwa kuti apa m'pamene pagona vuto, ndipo ndibwererapo.

Chinthu chimene ambiri sitichiganizira n'chakuti chipatso chothyoledwa chimakhala chikadali moyo. Chimapuma, chimatulutsa madzi, chimatulutsa kutentha, chikudya chakudya chimene chinasunga, popanda mtengo woti uchibwezere. Kukatentha chimapuma mofulumira. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10 kupumako kumawirikiza kawiri kapena kupitirira, ndipo masiku ake amafupika chomwecho. Tsopano taganizirani thumba la feteleza lodzaza mango mpaka kusokerera mlomo wowonjezera, litakhala padzuwa m'mbali mwa msewu kudikira lole, kenako n'kusanjikizidwa pansi pa matumba ena, pamwamba pake pakhala anthu a matola. Pisani dzanja pakati pa thumba lotero likafika pamsika: muli fuu, kutentha konyowa. Mmenemo chuku chimakula mosangalala.

Mmenemonso mumadzaza mpweya wina wosaoneka, wosanunkha kwenikweni, wotchedwa ethylene, umene mango, nthochi, mapeyala ndi mapapaya amatulutsa akamapsa, ndipo umauza zipatso zoyandikana nazo kuti nazonso zipse. Chipatso chovulala kapena chodwala chimautulutsa wochuluka. Amayi ovundika nthochi m'dzenje, kufunditsa masamba ndi kufukiza utsi, akhala akugwiritsa ntchito mpweya umenewu kuyambira kale, ngakhale dzina lake sanalidziwe. Kuvundika mwadala ndi luso. Koma thumba la pa lole limavundika mwangozi, ndipo mango onse amapsera limodzi tsiku limene mwini wake sanakonzeke. Nanazi ndi manachesi ali ndi khalidwe lina: sawonjezera kutsekemera akathyoledwa, choncho nanazi wa ku Mulanje wodulidwa msanga amangofewa osazuna, ndipo nachesi la ku Mwanza mdani wake wamkulu ndi kachilonda kakang'ono ka chikhadabo kapena ka nsungwi ya dengu, pamene chuku chobiriwira chija chimalowera.

Ntchentche ya zipatso nayo inabwera mopanda ng'oma. Kuno kwathu ntchentche zoboola mango zinalipo kale, koma m'chaka cha 2003 ku Kenya kunapezeka ina yachilendo yochokera ku Asia, imene tsopano imadziwika kuti Bactrocera dorsalis. M'zaka zochepa inali itafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, n'kupambana zamtundu wake zimene inazipeza. Yaikazi imaboola khungu la chipatso chokhwima ndi kansonga ka kumbuyo kwake n'kuikira mazira pansi pa khungupo. Pabowopo n'pang'ono kwambiri moti diso losazolowera silipaona. Mazira amaswa m'masiku awiri, mphutsi zimadya mnofu m'kati khungu lili bwinobwino, bango limapsa msanga n'kugwa, mphutsi zimatuluka n'kulowa m'dothi, ndipo patapita masiku pafupifupi khumi zimatuluka zili ntchentche. Imodzi imaikira mazira mazanamazana pa moyo wake. Choncho mango aja amangoti mbwee pansi pa mtengo, amene timawaponda popita kumunda osawayang'ana n'komwe, ndiwo chikuta cha ntchentche za mwezi wamawa.

Dziko la Kenya linamva kuwawa kwake. M'chaka cha 2014 linadziletsa lokha kutumiza mango ku maiko a ku Ulaya, chifukwa katundu wake ankapezeka ndi mphutsi kawirikawiri, ndipo msikawo unatsekeka mpaka 2021. Bungwe lofufuza za tizilombo la icipe, ku Nairobi, linasonkhanitsa njira zingapo zogwira ntchito pamodzi: misampha ya botolo yokhala ndi mankhwala a methyl eugenol amene amakopa ntchentche zazimuna zokhazokha, nyambo yopopera pa kagawo kochepa ka mtengo, timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira awo m'mazira a ntchentche, ndi kutolera zipatso zonse zakugwa. Pa zonsezi chotsika mtengo ndi chomalizachi. Mango akugwa amafunika kutoledwa kawirikawiri, kuperekedwa kwa nkhumba ndi mbuzi, kumangidwa m'thumba lakuda la pulasitiki n'kusiyidwa padzuwa kuti mphutsi zipse, kapena kukwiriridwa m'dzenje lakuya kupitirira theka la mita, chifukwa dzenje losaya ntchentche imatulukamo. Koma ntchentche sidziwa malire a munda. Mlimi mmodzi akasesa pansi pa mitengo yake pomwe mnansi wake wasiya, ntchito yake yapita pachabe. Imeneyi ndi nkhani ya mudzi wonse, yofunika kukambidwa pabwalo la mfumu monga momwe timakambira za mjigo kapena za mbuzi zolowa m'dimba.

Nanga chimene chalowa kale? Pa chuku chogona m'khungu pali mankhwala amodzi amene amandidabwitsa ndi kuphweka kwake: madzi otentha. Mango okhwima akamizidwa m'madzi a madigiri 52 kwa mphindi zisanu, tsiku lomwelo athyoledwa kapena mawa lake, timbewu tambiri tija timafa tisanadzuke, ndipo mawanga amachepa kwambiri. Kenako mangowo amayanikidwa pamthunzi kuti azizire ndi kuuma. Mgolo, nkhuni ndi dengu lomizira zilipo m'mudzi uliwonse. Chosowa ndi choyezera kutentha, ndipo popanda icho ndi bwino osayesa, chifukwa mpata wake ndi wochepa: madzi akapitirira madigiri 55 khungu limapsa, akatsika kwambiri chuku chimangosamba. Dzanja silingasiyanitse zimenezo. Kachipangizo kameneka ndi kakang'ono, kokwana m'thumba la malaya, ndipo kalabu imodzi ya alimi ikhoza kukhala nako kamodzi n'kumabwerekana. Mphutsi za ntchentche, poti zili m'kati, sizifa ndi mphindi zisanu. Maiko ena ogula mango amafuna kuti amizidwe m'madzi a madigiri pafupifupi 46 kwa nthawi yopitirira ola, ndipo imeneyo ndi ntchito ya fakitale. Kutsuka wamba nakonso kumathandiza, bola madzi akhale oyera, othira klorini pang'ono, osinthidwa pafupipafupi. Beseni limodzi la madzi akuda lotsukira mango a tsiku lonse limangogawa nthenda mofanana.

Anthu ambiri amaganiza kuti yankho la zonse ndi firiji. Zipatso za kumalo otentha zimadana ndi kuzizira kwambiri. Bango losapsa limasungika bwino pa madigiri pafupifupi 13, ndipo limatha kudikira milungu iwiri kapena itatu. Nthochi nayo ndi cha pomwepo. Firiji ya m'nyumba imakhala pa madigiri 4 kapena 5. Bango laliwisi likagona mmenemo limatuluka khungu litatuwa, lili ndi timaenje, ndipo silipsanso bwino. Nthochi imada bii. Lakupsa kale likhoza kukhalamo masiku angapo, basi. Ndiponso kuzizira sikupha chuku, kumangochigoneka, moti chipatso chikatuluka kuola kumapitiriza pomwe kunalekera. Kumudzi kopanda magetsi choziziritsa choyamba ndi mthunzi ndi mphepo: kusanjika mosapanikiza, m'makireti kapena m'madengu oyala masamba ouma, pamalo podutsa mpweya. Pali luso la mphika m'kati mwa mphika, mchenga wonyowa pakati, limene mphunzitsi wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, analifalitsa m'zaka za m'ma 1990. Palinso tizipinda ta njerwa za makoma awiri ndi ta makala onyowetsa. Zonsezi zimaziziritsa madzi akamauma, choncho zimagwira bwino ntchito mu Okutobala kuli ng'amba, koma mu Januwale, mpweya utadzaza chinyezi, mphamvu yake imachepa, ndipo ndi nthawi yomwe mango amaola kwambiri. Ozilimbikitsa ayenera kumanena zimenezi poyera.

M'chaka cha 2011 bungwe la FAO linalengeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cholimidwa pa dziko lonse limatayika, ndipo pa zipatso ndi ndiwo zamasamba chotayika chimayandikira theka. Kwa ife chiwerengerocho chili ndi nkhope. Mango amapsa m'miyezi yomwe nkhokwe zambiri zapepuka, ndipo pali mabanja amene mu Disembala ndi Januwale amagonera mango, ena ophika akadali awisi. Bango lakupsa lili ndi zomanga vitamini A. Komabe taonani kusiyana kwa ulemu umene timapereka. Chimanga tinachimangira nkhokwe, timachithira mankhwala a nankafumbwe, tinaphunzira kuchisunga m'matumba a PICS, ndipo chikafumbwa nyumba yonse imagwa mphwayi. Bango likaola palibe amene amaliwerenga. Mtengo unadzalidwa ndi agogo, kapena unamera wokha pamene wina anataya njere. Sunathiridwe feteleza, sunapaliridwe, choncho chipatso chake timachiona ngati chaulere, ndipo chaulere sichiliridwa. Pakatha miyezi iwiri anthu omwewo timagula juwisi wa mango wa m'botolo wochokera kunja.

Sikuti luso losunga tilibe. Anthu amene amadziwa kufutsa nkhwani ndi khwanya, amene amayanika masau mpaka kudya chaka chonse, sangalephere kuyanika mango. Chovuta ndi nyengo: mango ambiri amapsa mitambo itaphimba, ndipo zidutswa zoyanika pamphasa zimachita chuku ndi kutera ntchentche zisanaume. Pamafunika choyanikira chotchinga ndi pulasitiki woonekera, chokhala ndi polowera ndi potulukira mphepo, ndiponso kuyamba ndi mango oyambirira dzuwa likadalipo. Achali wa mango awisi amakhala miyezi. Ku Salima kampani ya Malawi Mangoes yaonetsa kuti bango la kuno likhoza kukonzedwa n'kugulitsidwa kunja, ndipo ku Bvumbwe kuli malo a boma ofufuzira za zipatso. Koma fakitale imodzi singameze mango a dziko lonse, ndipo zimene akatswiri amadziwa sizifika zokha pansi pa mtengo wa kuseri kwa nyumba.

Amene amalipira zonsezi ndi munthu womalizira kugwira chipatso. Pitani pamsika uliwonse wa m'tauni m'mamawa, ogula asanabwere. Mayi wakhala pa kampando, thumba limene anapikula dzana lili pambali, akutulutsa bango limodzilimodzi. Labwino amalipukuta ndi kansalu n'kuliika kutsogolo. La madontho ochepa amaliika pa mulu wina wotsika mtengo. Lachilonda amalidula ndi mpeni kuona ngati mbali ina ingapulumuke, ndipo lotheratu amaliponya m'chidebe chimene ntchentche zazinga kale. Chidebecho chimadzaza msanga kuposa dzulo. Ndalama ya thumba lonse analipira, ya galimoto analipira, chiphaso cha msika adula posachedwa.

"Amayi, awa bwanji mwatsitsa chonchi?"

"Awo ndi odya lero lomwe, achimwene. Musakawagoneke."

Sanagende mtengo ndi iwo, sanasiye mango akugwa pansi ndi iwo, sanakhalire thumba pa lole ndi iwo. Koma nthenda imene inalowa mwakachetechete m'manja mwa anthu anayi kapena asanu imadzaonekera pa tebulo lawo, ndipo mpamba umene umatha ndi wawo.

Apa ndibwerere ku funso la wothyola uja. Iye si wopusa kapena waulesi. Wopikula amagula pa ndowa kapena pa thumba, mtengo umodzi, kaya bango latsika ndi dzanja kaya lagwa ndi mwala. Munthu amene wataya tsiku lonse kudula mosamala amalandira zochepa kuposa mnzake amene wagwedeza mitengo isanu. Kuonongekako sikumukhudza chifukwa kumaonekera kutali, iye atadya kale ndalama yake. Malangizo a alangizi, ngakhale akhale oona chotani, sangapambane masamu amenewa. Zimasintha pokhapokha wopikula ndi mlimi akadziwana, n'kumagulana chaka ndi chaka, wopikula n'kuona yekha kuti mango a uje amafika ku tauni athunthu, n'kuyamba kuwalipira moposa. Kapena amayi a pamsika akagwirizana kugula kwa kalabu imodzi yodziwika, ndi makireti obwezedwa m'malo mwa matumba.

Mwambi uja umati chakudza sichiyimba ng'oma, koma sunanene kuti sichisiya mapazi. Munthu amene waphunzira kuyang'ana amaziona. Pamene ntchentche yaboola pamakhala kadontho ka utomoni kouma, kowala, ndipo pozungulira pake pamayezuka msanga kuposa thupi lonse. Bango limene lasamba madzi ochokera ku nthambi yodwala limakhala ndi mizere yakuda yotsika kuchokera kumchira ngati misozi. Maluwa akada n'kuyoyoka, masamba anthete akachita mawanga n'kubooka, mtengo wanena kale za mango a chaka chimenecho. Pa mitengo yaifupi alimi ena amaveka chipatso chilichonse kathumba ka pepala chikadali chaching'ono, monga amachitira ku Asia, ndipo kathumbako kamatchinga ntchentche ndi madontho a mvula pamodzi. Ena amapopera mankhwala a kopa kuyambira pa maluwa, motsata malangizo ndi kusiya masiku oyenera asanathyole. Zonsezi zimachitika chipatso chikuoneka chathanzi, pamene woyang'ana angafunse kuti mukuvutikiranji.

Koma mitengo yathu yambiri ndi zimphona. Pampu siifika kunsonga, kathumba ka pepala n'kosatheka, ngakhale nsungwi yaitali imalephera. M'kati mwake ndi mdima, nthambi zapiringizana, mphepo sidutsa, masamba sauma msanga mvula ikagwa. Ntchito yaikulu yoteteza mango a chaka chamawa ndi ya mwezi umene mango atha, mu Febuluwale ndi Malichi: kukwera ndi sowo, kudula nthambi zouma ndi zodwala, kugwetsa timango takuda totsalira, kutsegula pakati kuti dzuwa lilowe, n'kutentha zodulidwazo. Imagwa nthawi yoipa, anthu ali kalikiliki kumunda, m'mimba muli pululu, ndipo phindu lake silioneka mpaka miyezi isanu ndi inayi itadutsa. Palinso mantha oyenera kuwalemekeza: mtengo wa agogo ndi mthunzi wa pabwalo, pokhalira milandu ndi maliro, ndipo munthu sautengera nkhwangwa mwachibwana. Sikofunika kuudula wonse. Alimi ena amatsitsa mbali imodzi chaka chino, ina chaka chamawa, ndipo pa mphukira zotuluka pachitsa amamezanitsapo mtundu umene akufuna. Mizu ndi yakale yomwe ija, yozama, yosaopa chilala. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu nthambi zatsopanozo zimayamba kubereka, ndipo mango ake munthu amathyola ndi dzanja ataimirira pansi.